Azakhali, ndinanama kuti vinyo ndimamudziwa

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27. Kwathu ndi ku Ntcheu, cha ku Lizulu, koma ndikukhala ku Bellville kuno ku Cape Town komwe ndimagwira ntchito m'sitolo ya zovala. Ndili pa ubwenzi ndi mnyamata wa kwathu komweko ndipo tikuganiza zochita chinkhoswe chaka chamawa. Achemwali ake aakulu akhala kuno zaka zambiri, anakwatiwa ndi bambo wochita bwino, ndipo kubanja kwawo mawu amene amamveka ndi awo. Tsopano atiitana kuti Loweruka lina mu February tikayende nawo ku minda ya mphesa ku Franschhoek, tikalawe vinyo, kenako tikadye nkhomaliro pa famu ina.

Vuto langa nali. Tsiku lomwe tinaonana koyamba anandifunsa ngati ndimamwa vinyo, ine chifukwa cha manyazi ndinayankha kuti ndimakonda wofiira. Azakhali, chibadwire sindinagwirepo tambula ya vinyo. Mafoloko ambirimbiri aja sindiwadziwa, chovala sindikudziwa, wolipira sindikudziwa kuti ndani. Komanso amayi anga ndi a Chigwirizano, akadzaona chithunzi changa pa Facebook nditanyamula tambula akhoza kukomoka. Ndikuganiza zonamizira kudwala. Ndithandizeni.

Wosowa mtendere, Bellville

Mwana wanga,

Ndiye kuti bodza loyamba lija silinakukwane, ukufuna ulipezere mng'ono wake? Unanama kuti umakonda wofiira, lero ukufuna unamenso kuti wadwala. Ukanamizira mutu mu February, alamu akowo adzakupepesa bwinobwino n'kusuntha tsiku kuliika mu March. Nanga mu March udzadwala chiyani, m'mimba? Mu April msana? Pofika chinkhoswe banja lonse lidzakhala likunong'onezana kuti mwana wawo akutenga mkazi wodwaladwala. Ulendowu upita, ndipo upita uli bwinobwino.

Ndikudabwanso kuti Mngoni wa ku Ntcheu akunjenjemera ndi chakumwa. Agogo ako aamuna akanamva zimenezi akanaseka mpaka kutsokomola. Koma chimene ndikukudzudzulira si mantha, ndi bodza lija. Chinakuvuta n'chiyani kunena kuti "alamu, ine sindimwa"? Mayi aja sankafuna kukulemba ntchito yogulitsa vinyo. Ankangofuna poyambira macheza, iwe n'kudzikumbira dzenje ndi pakamwa pako.

Komabe ndikukumvetsa. Unakhala pampando wofewa m'nyumba ya munthu wochita bwino, ukuona makapeti ndi magalasi, mumtima ukuwerenga malipiro ako a m'sitolo, ndiye kamawu kena kanakunong'oneza kuti ukanena zoona adzakuona wakumudzi. Kamawu kameneko katinamizapo tonse amene tinachoka kwathu kukasaka ndalama kwa eni. Chomwe sikanena n'chakuti munthu wosadziwa sachititsa manyazi kawirikawiri. Amene amasekedwa mpaka pamaliro ndi uja wodziyesa wodziwa. Ukapitiriza bodzali, alamu ako adzakufunsa pamaso pa anthu kuti, "Paja mumakonda wofiira, tikuitanitsireni Merlot, Shiraz kapena Pinotage?" Iwe udzayankha kuti "eya", ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Choncho yamba ndi mnyamata wakoyo usiku uno. Umuuze mmene unandiuzira ine. Kenako alamu ako uwaimbire foni tsikulo lisanafike, usadikire kuti mukhale pagulu. Unene uku ukuseka: "Alamu, ndili ndi mlandu. Tsiku lija ndinachita manyazi, vinyo sindimudziwa n'komwe. Mukandiphunzitse inuyo." Ndikukutsimikizira kuti adzakondwa. Munthu wokonda vinyo palibe chomwe chimamusangalatsa kuposa kupeza wina woti amuphunzitse, ndipo mlamu wamkulu aliyense amafuna mtsikana womupatsa mpando wake. Ndi mawu ochepawo udzakhala wawapatsa zonse ziwiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ku Franschhoek phula lake amagulitsa modula.

Zoti umwe kapena usamwe, ugamule wekha usanakwere galimoto. Ngati mtima wako ukukana, kana kamodzi, mofatsa, popanda kulalikira. Palibe famu yomwe imathamangitsa munthu chifukwa samwa. Pali juwisi wa mphesa, pali Grapetiser, pali tiyi wa rooibos, ndipo ukapempha amakuthirira m'tambula yokongola yomweyo. Koma usakhale pa tebulo la anthu utakwinya nkhope ngati akuchimwira iwe. Mkangano wa ukwati wa ku Kana ndiwasiyira abusa, ine sindinadzozedwe. Ndingokunong'oneza kuti anthu amene anakhazikika m'chigwa cha Franschhoek mu 1688 anali Akhristu othawa chizunzo ku France, otchedwa ma Huguenot, ndipo amishoni amene anatsegula Mvera mu 1889, komwe kunaphukira Sinodi ya Nkhoma, anachokera ku Cape komweko. Sukulu yawo ya ubusa ili ku Stellenbosch, tauni yozunguliridwa ndi minda ya mphesa mbali zonse. Izi ndakuuza kuti mtima ukhale m'malo. Usakayese kuwayankha nazo amayi ako, ndidzakana kuti sindikudziwa.

Ndipo ngati pali kanthu kena komwe sunandiuze m'kalata yako, komwe kakufulumizitsa chinkhoswe, usalawe ngakhale dontho. Pamenepo sindikuseka.

Tsopano za tsikulo. Kuchoka ku Bellville kukafika ku Franschhoek ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kudzera mu N1 kenako R45. Chigwacho chazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mu February chimatentha moti thukuta limatuluka ndi m'zikope momwe. Imeneyo ndi nyengo yokolola mphesa, udzaona mathirakitala atanyamula makireti ndi anthu ali m'mizere kuyambira mbandakucha. Vala diresi yopepuka. Ya chitenje yosokedwa bwino ija imakhala bwino kwambiri kumeneko, azungu adzakufunsa komwe unagula. Yoyera uisiye, chifukwa vinyo wofiira amaidziwa diresi yoyera ali patali. Tenga chipewa cha dzuwa ndi kajuzi kopepuka, popeza m'chipinda momwe amasungira migolo mumazizira. Nsapato za gogoda zikhale kunyumba. Mafamu aja ndi kapinga ndi timiyala tokhatokha, ndipo ndaonapo mtsikana wokongola akuyenda chozika chozula pa kapinga, mwamuna wake akuyang'ana kumbali ngati samudziwa. Perefyumu upopere pang'ono. Anthu kumeneko amapita kukanunkhiza zomwe zili m'tambula, ndiye ukafika utasamba botolo lonse, onse adzangomva iwe.

Chofunika kuposa zovala ndi kadzutsa. Idya zenizeni: phala, mazira, buledi, mbatata ngati ilipo. Usanene kuti ndisunge malo a nkhomaliro yodula ija. Kulawa vinyo kumayamba cha m'ma 10 kapena 11 koloko, nkhomaliro imabwera cha m'ma 1, ndipo maola apakatiwo ndi amene amagwetsa anthu a m'mimba mopanda kanthu.

Mukafika, adzakukhazikani pa tebulo kapena pa kauntala, n'kukuikirani matambula. Kawirikawiri amalawitsa mitundu isanu kapena kuposerapo, ndipo kulawako n'kolipira. Amayamba ndi woyera wozizira, kenako wofiira, wotsekemera amabwera kumapeto. Akhoza kuyamba ndi wa thovu yemwe kumeneko amamutcha Cap Classique. Wothirayo adzangothira pansi pa tambula. Usamuyang'ane ngati akukumana, ndi mmene zimakhalira. Tambula uigwire pa kamwendo kake, osati pamimba, kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Anzako adzayamba kuizunguza. Iwe uisiye ili pa tebulo, ugwire kamwendo ndi zala ziwiri n'kuyendetsa mozungulira pang'onopang'ono, sizitayika. Kenako lowetsa mphuno, nunkhiza, imwa pang'ono, usunge mkamwa kamphindi.

Apa ndi pomwe pamayambira sewero. Wothirayo adzanena kuti mu Chenin Blanc uyu mukumveka gwafa ndi mapichesi, mu Pinotage uyu mukumveka utsi ndi khofi. Amuna a alamu ako adzatseka maso n'kugwedeza mutu ngati akumva uthenga wochokera kumwamba. Mwana wanga, mulibe gwafa m'menemo. Ndi mphesa zokhazokha, kungoti zikawira ndi kukhalitsa m'migolo zimatulutsa fungo lofanana ndi zinthu zina. Ukamva gwafa, nena. Ukapanda kumva, nena kuti "uyu ndamukonda" kapena "uyu wandiwawasa". Palibe yankho lolakwika, lilime ndi lako. Akati vinyo ndi "dry" akungotanthauza kuti alibe kutsekemera. Wofiira, yemwe unadzitama naye uja, amaumitsa mkamwa ngati waluma nthochi yosapsa, ndipo anthu ambiri oyamba kumene samukonda. Nkhope yako idzaulula yokha, ndiye ndi bwino kuti udzakhala utaulula kale.

Ukafuna kuoneka wanzeru, funsa mafunso. Funsa kuti mphesa zake zili mbali iti ya munda, zakhala miyezi ingati m'migolo, akolola liti. Iwe ndiwe mwana wa mlimi, za nthaka, mvula ndi dzuwa ukuzidziwa kuposa theka la anthu amene adzakhale pamenepo. Ngati ukufuna kamodzi koti uponye, dziwa kuti Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa konko, anaipanga Pulofesa Abraham Perold ku Stellenbosch m'zaka za m'ma 1920 pokwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut. Uponye kamodzi kokha, kenako ukhale chete. Ukawonjezera, abwerera nawe ku mafunso.

Pa tebulo padzakhala kachidebe kena. Si ka maluwa, ndipo si ka madzi akumwa. Ndi kolavuliramo. Ndikudziwa kuti amayi ako anakulera kuti mtsikana salavula pagulu, ndipo mtima wako wa Chimalawi udzawawa kuona chinthu cholipira chikutayidwa. Koma kumeneko kulavula ndi ulemu, ndipo akatswiri enieni ndi amene amalavula. Ngati kulavula kukukanika, nyambita pang'ono, wotsalayo ukhuthulire m'kachidebeko. Palibe adzakufunse. Tamvera masamu ake. Mowa wa m'botolo ngati Carlsberg mphamvu yake ndi pafupifupi 5 pa 100. Vinyo ndi 12 mpaka 14, wina kuposerapo. Timadontho tisanu tija tikaphatikizana timakwana tambula yodzaza. Mukayenda mafamu atatu iwe ukumeza zonse, ndiye kuti munthu amene sanamwepo chibadwire wamwa matambula atatu, padzuwa la February, masana asanakwane. Ndipo vinyo ndi wachinyengo. Uli pampando umaona ngati uli bwino, ukadzuka kuti upite kuchimbudzi m'pamene miyendo imakuuza kuti yapita kale kwawo.

Ngati alamu ako akonza zokwera kasitima kaja kotchedwa Franschhoek Wine Tram, komwe kanayamba kuyenda mu 2012, uchenjere kawiri. N'kokoma ndithu, kamakutsitsani pa famu iyi, pakapita nthawi n'kudzakutengani kukakusiyani pa ina, wina aliyense osavutika ndi chiwongolero. Koma poti palibe akuyendetsa, palibenso akuwerenga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pa famu ina yomwe sinditchula ndinaona mayi wa ulemu wake, wovala bwino, amene m'mawa ankalankhula chapansipansi, pofika 3 koloko atavula nsapato akufotokozera apongozi ake zonse zomwe mwana wawo amalephera kunyumba. Zonse, mwana wanga. Apongoziwo anangoti kukamwa yasa, foloko ili m'mwamba. Vinyo sanamuikire mawu mkamwa mayi uja, anangotsegula chitseko. Iwe uli ndi zinthu zingati mumtima zokhudza banja limeneli zomwe sukufuna zituluke? Werenga, ndiye umwe madzi tambula imodzi pa vinyo aliyense amene walawa.

Tifike pa nkhomaliro, poti ndi pomwe pagona mantha ako. Malo odyera a pa mafamu aja amafuna kusungitsiratu tebulo, makamaka Loweruka nyengo yotentha, koma imeneyo ndi ntchito ya okuitana. Mwina adzasankha zosavuta, monga mabasiketi a chakudya omwe ku Boschendal anthu amadyera pansi pa mitengo. Zikatero wapulumuka, udzadya ndi manja ngati kwanu. Koma zikakhala za pa tebulo la nsalu yoyera, lamulo ndi limodzi: mafoloko ndi mipeni uyambire zakunja, uzilowa m'kati mbale iliyonse ikabwera. Kambale ka buledi ndi ka kumanzere, matambula ako ndi a kumanja. Kansalu uyale pamiyendo. Ukasokonezeka, chedwa pang'ono, uone chomwe alamu ako anyamula. Ukalakwitsa foloko, weita adzakubweretsera ina ndipo dziko silitha. Ukamaliza, ika mpeni ndi foloko pamodzi pakati pa mbale. Basi, sukulu yonse ndi imeneyo, ndipo anthu amaiopa chabe.

Chomwe chingakupweteke ndi menyu. Mayina ake ndi aatali ndipo ena ndi a Chifalansa, choncho funsa weita kuti chimenechi n'chiyani ndipo achiphika bwanji. Ukaona mawu akuti carpaccio kapena tartare, dziwa kuti ndi nyama yaiwisi. Ma oyster nawo amadya aawisi, amoyo, ongofinyira mandimu. Ngati mtima wako ndi wolimba, yesa kamodzi kuchokera m'mbale ya bwenzi lako, koma usaitanitse mbale yako yonse kuti uoneke wozindikira. Ukaitanitsa nyama ya ng'ombe adzakufunsa kuti ipse bwanji. Ngati sufuna kuona magazi, nena kuti ipse ndithu, ngakhale wophika akhumudwe. Zomwe sizingakukhumudwitse ndi nsomba ya tsikulo, nkhuku, nyama ya nkhosa yophika nthawi yaitali, kapena bobotie, nyama yogaya yothira zonunkhira ndi mazira pamwamba, yodyera mpunga wachikasu. Pamapeto ukaona malva pudding, usafunse munthu, itanitsa. Ndikuchenjezenso kuti mbale zawo ndi zazikulu koma chakudya chimakhala pakatikati ngati chikuchita manyazi. Usafunse kuti "nanga chenichenicho chibwera liti?" Idya buledi, ndipo kunyumba usiye ufa ndi ndiwo zili pafupi.

Akakufunsa za madzi kuti "still or sparkling", onse awiriwo ndi a m'botolo ndipo ndi olipira. Madzi a pampopi ukapempha amakupatsa. Botolo la vinyo likabwera, weita adzathira pang'ono kwa amene waitanitsa kuti alawe ngati silinawonongeke. Si mwano kwa enanu, dikira, akufika. Ngati sukufuna, ika dzanja pafupi ndi tambula n'kunena kuti zikomo. Ndipo tambula ukaisiya yodzaza, palibe amene angawonjezeremo.

Za ndalama usapite nazo mongoganizira. Kwathu woitana ndiye amalipira, koma ku Cape Town anthu amatha kukuitana ndi chimwemwe chonse kenako bilu ikabwera aliyense n'kutulutsa khadi lake. Nkhomaliro ya pa famu ya mphesa ikhoza kudya ndalama yomwe iwe umagulira chakudya cha sabata yathunthu. Ntchito yofunsa ndi ya mnyamata wakoyo, ndi achemwali ake. Awafunse mwachindunji masiku akadalipo kuti mudziwe pokonzekera. Ngakhale atati alipira okha, iwe usasankhe chodula kwambiri pa menyu, ndipo usasankhenso kasaladi kokha ngati ukudzilanga. Sankha chapakati. Kangachepe ka weita kumeneko ndi 10 mpaka 15 pa 100 ya bilu, ndipo malo ena amaikiratu pa bilu mukakhala gulu lalikulu, ndiye muyang'ane. Mukanena kuti "alamu, kangachepe tisiyireni ife", mudzakhala mwadzigulira ulemu waukulu pamtengo wochepa. Pakhomo potulukira pamakhala sitolo ya mabotolo. Palibe lamulo loti ugule.

Tsono pali china chomwe sunandifunse. Weita amene adzakutumikireni akhoza kukhala wa ku Nkhata Bay, wa ku Mangochi kapena wa ku Zimbabwe, chifukwa abale athu ambiri ali m'malo odyera ndi m'minda ya kumeneko. Ukamva kalankhulidwe ka kwanu, usabise nkhope mu menyu. Mupatse moni, umufunse kwawo. Ndawaona ana athu ena akafika pa tebulo la nsalu yoyera amaiwala Chichewa mwadzidzidzi, n'kumakodola m'bale wawo ndi chala. Zimenezo ndiye zaumphawi zenizeni. Ndipo pamene ukusirira nyumba zoyera zija ndi mitengo yakalekale, udziwe kuti minda imeneyo inalimidwa ndi akapolo mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique kufupi ndi kwathu. Pambuyo pake antchito ankalandira mbali ya malipiro awo ngati vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa m'ma 1960 koma m'malo ena unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo mabala ake akadalipo: m'midzi ya m'mafamu a ku Western Cape muli ana ambiri obadwa ndi vuto la ubongo chifukwa cha mowa womwe amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Sindikuti ukadzutse nkhaniyi pa tebulo anthu akudya. Ndikuti ukadutsana ndi mayi wosenza kireti ya mphesa, umuyang'ane kumaso n'kumupatsa moni. Ndipo ukadziona wochepa pamalo paja, ukumbukire kuti anamanga ndi anthu a khungu ngati lako.

Iwe ukuganiza kuti ukupita kukalemba mayeso. Nanga iwowo akuyesa ndani? Mwana wanga, tsiku limeneli ndi mphatso kwa mtsikana amene akuganiza za chinkhoswe. Sudzapezanso mpata wina woona banja lonse litakhuta, litamwa pang'ono, bilu ili pa tebulo. Tsegula maso. Mnyamata wakoyo umuone ngati amadziwa ponena kuti basi, kapena amamaliza ndi matambula a anzake omwe. Uone ngati akaona wasokonezeka ndi foloko amakuthandiza mwakachetechete, kapena ndi iye woyamba kuseka kuti asangalatse achemwali ake. Uone mmene amalankhulira kwa weita, chifukwa mmene amalankhulira kwa womutumikira ndi mmene adzalankhulire kwa iwe ukadzamuikira madzi osamba kwa zaka zisanu. Ukakana vinyo iye n'kumakukakamiza kuti "imwa pang'ono, usandichititse manyazi", chimenecho uchisunge mumtima, mukakambirane mawa lake mitu ili bwino. Alamu akonso uwaone. Ngati utawauza zoona iwo n'kukusandutsa nthabwala ya tsiku lonse, wadziwa msanga mtundu wa anthu omwe ukulowamo, ndipo kudziwa kumeneko n'kotsika mtengo kuposa kudzadziwa uli ndi ana awiri. Koma ine ndikuganiza kuti adzakugwira dzanja. Munthu sawononga Loweruka lake ndi ndalama zake pa mtsikana amene sakumufuna.

Musananyamuke m'mawa, funsa kuti pobwerera ayendetsa ndani. Funsa mokweza, usaope. Lamulo la ku South Africa limamanga woyendetsa amene mowa m'magazi ake wafika magalamu 0.05 pa mamililita 100, ndipo munthu amafikapo ndi matambula ochepa kwambiri. Apolisi amadziwa bwino lomwe komwe anthu amachokera Loweruka madzulo m'misewu imeneyo. Kwa mlendo ngati inu, kugona m'chitokosi kumadzutsanso nkhani ya mapepala. Koma apolisi ndi nkhani yaing'ono. Mukabwerera kudzera ku Stellenbosch mudzatsika phiri la Helshoogte, msewu wokhotakhota, ndipo ndalama yotumizira bokosi kuchoka ku Cape Town kukafika ku Lizulu ukuidziwa, mwasonkherapo anzanu. Ngati amuna a alamu ako amwa n'kumati "ine ndimayendetsa bwino ndikalawa", usakwere. Ngati uli ndi laisensi ndipo sunamwe, tenga makiyi. Apo ayi, konzeranitu galimoto ya hayala kapena dalaivala wosamwa, osadalira kuti mudzaipeza mosavuta madzulo muli pa famu yakutali. Bola akutche wamakani.

Za amayi ako ndi Facebook n'zosavuta kuposa mmene ukuganizira. Usadikire kuti amve kwa mayi wina wa Chigwirizano amene mwana wake wamuonetsa foni. Aimbire wekha Lachisanu, uwauze kuti alamu akutenga kukaona minda ya mphesa ndi kukadya. Pojambula, tambula uiike pa tebulo, uime kutsogolo kwa mapiri aja, ndipo upemphe alamu ako kuti asaike pa intaneti zomwe sunazione. Chithunzi choyamba utumize kwa amayi ako iwe mwini, cha mizere ya mphesa. Ndi alimi, adzayamba kukufunsa za feteleza ndi madzi othirira, za tambula adzaiwala. Koma akakufunsa mwachindunji kuti unalawa kapena ayi, usawanamize. Mabodza a vinyo wakwanitsa kale.

Lolemba lake utumize uthenga wothokoza alamu ako, utchule chinthu chimodzi chomwe unakonda. Pakapita masabata angapo uwaitane kwanu ku Bellville, ngakhale chipinda chili chimodzi. Uwaphikire nsima yeniyeni, nkhwani wotendera ndi nkhuku yachikuda ngati ungaipeze, uwasambitse m'manja ndi madzi ofunda. Mayi amene wakhala kunja zaka zonsezo, ndikukuuza, akhoza kulira pa mbale yako.

Imba foni ija lero, usadikire mawa. Ukabwerako undilembere, ndikufuna ndimve mmene mnyamatayo anakhalira pa tebulo, ndipo usandibisire kanthu.

Ndine Azakhali ako